Thendo la Nthanga za Maungu

Makolo anga anachoka ku Malawi ndi mtondo, musi, ndi chikhulupiriro chakuti masamba opanda nsinjiro ndi chakudya cha mbuzi. Ine ndinakulira mu Kafue ndi mtima womwewo. Ndiye taonani, ndinabereka mwana wamkazi amene thupi lake limakana mtedza. Akangolawa, milomo inkatupa, thupi lonse zidzolo. Kuchipatala anatiletsa kumupatsa ngakhale kambenembene.

Abale ake akazungulira mbale ya mkhwani wotendera, iye ankakhala pambali ndi kambale ka masamba a tomato. Ankangotolatola, maso ali pa mbale ya anzake. Mwanayo anayamba kuwonda, ndipo ine mtima unkandiwawa.

Panali mayi wina wa ku Shimabala amene ankayenda m'makomo kugulitsa maungu. Tsiku lina anandipeza ndikutayira nkhuku nthanga za dzungu limene ndinagula kwa iye.

"Imwe amai, mutaya ndiyo!" anakuwa. "Ise ku munda nshawa zikasila, titendela na izi."

Ankatanthauza kuti kwawo mtedza ukatha, amatendera ndiwo ndi nthangazo. Ndinamufunsitsa, chifukwa ogulitsa malonda pakamwa sipawavuta. Kenako ndinamufotokozera za mwana wanga. Anandilangiza kuti nditsuke nthangazo, ndiziyanike mpaka ziume gwa, ndizikazinge pang'ono osazipsereza, ndipo iye adzabwera kudzandionetsa zotsalazo.

Atabweranso anapeza ndatulutsa kale mtondo wa amayi anga, ndili wokonzeka ngati mkazi wodziwa zinthu. Anaweramira mumtondomo, nanunkhiza, nandilanda musi.

"Uyu mtondo wadya nshawa kuchokela liti? Mafuta yanangena mu mtengo. Mufuna mwana akavimbe futi?"

Ndinachita manyazi ndi mantha nthawi imodzi. Mtondo umenewo ndinkautsuka bwino, koma zoti mtengo umamwa mafuta sindinaziganizire.

M'mawa mwake anatsika minibasi atasenza kamtondo katsopano ndi kamusi kake zimene mwamuna wake anasema, maungu ogulitsa atawasiya kunyumba. Tinasinja nthangazo, tikusefa kuti makoko atsale. Masamba atafewa, anathira ufawo pamwamba n'kuvundikira mphika. Dzanja langa linkayabwa kufuna kuvundula, iye n'kumalimenya.

"Siyani ibile yeka. Simuli pa mpikisano."

Atavundukula, msuzi unali utalemera, fungo lake ngati la chimanga chokazinga. Mayiyo sanadikire n'kudya komwe, anati makasitomala amuiwala. Mpaka lero ndikamuona pa msika ndimasowa mawu omuthokozera, ndimangogula maungu oposa amene ndikufuna.

Masana amenewo ndinaika mbale imodzi yokha pamphasa. Mwana wanga anayang'ana uku ndi uku, kudikira yake. Ndinamuuza kuti asambe m'manja akhale ndi anzake. Anatema nshima, napisa mwamantha, nayang'ana nkhope yanga. Ine ndinkayang'ana milomo yake. Sinatupe.

Posakhalitsa mchimwene wake anadandaula kuti mlongo wake akutha ndiwo. Ndinamva pakamwa panga pakukalipa kuti, "Iwe, siyirako anzako!" Kenako ndinathawira kukhitchini kukalira.