Kamluzu Kamene Bambo Sanakamve

Bambo anga ankamvetsera injini ngati namwino womvetsera chifuwa cha mwana. Ankatenga sikuludiraiva yaitali ya chigwiriro chamtengo, nsonga n'kuigunditsa pa chitsulo, chigwiriro n'kuchiika kukhutu, kenako n'kutsinzina. Akatsegula maso ankangoloza pamene pali vuto. Ntchitoyi anaiyamba ndisanabadwe, pa maboti oyendetsa alendo pa Zambezi, kumtunda kwa mathithi. Ine ndinaphunzira kwa iwo, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi ndinali mayi wa ana awiri, wovala ovolosi, ndikugwira nawo ntchito padoko lomwelo ku Livingstone.

Lamulo lawo linali limodzi: injini ikafooka, usathamangire kuiphwasula. Yamba wayang'ana utsi, kenako mpweya, mafuta, ndi pulopela, poti mwina yangokola ukonde kapena namasupuni. Amakanika othamangira sipanala ankawaseka, ati ndi anthu ogwetsa nyumba pofuna khoswe mmodzi.

Makutu awo anayamba kufa pang'onopang'ono. Kunyumba ku Maramba tonse tinkadziwa. Wailesi inkalira mpaka oyandikana nafe kudandaula, amayi ankawaitana katatu. Koma palibe ankatchula, poti makutu amenewo ndiwo anatilera ndi kutiphunzitsa sukulu.

Chaka china madzi atadzaza, boti lalikulu linayamba ulesi. Woyendetsa akaliponda moto, injini inkangobuula, utsi wakuda tolotolo, liwiro osaoneka. Pamtsinje uja imeneyo si nkhani yoseketsa, chifukwa madzi amakokera kumathithi ndipo boti limakhala lodzaza anthu. Mwini wake, munthu wa mtima wapachala, analiimitsa. Ananena kuti likapanda kuchira pofika Lachisanu aitanitsa makanika wa ku Lusaka, ndipo mdala akapume kunyumba.

Tsiku loyamba lomwelo ine ndinakamva: kamluzu kopyapyala ngati kulira kwa udzudzu, kobwera injini ikamakoka mwamphamvu. Ndinatsata ndi khutu, kenako ndi dzanja. Paipi ya labala yochokera ku tabo, chipangizo chokankhira mpweya mu injini, inali itang'ambika kunsi, kosaoneka. Mpweya unkathawira pamenepo, dizilo n'kumalephera kupsa bwino. Inali ntchito yoti munthu n'kuimaliza tiyi asanazizire.

Bambo anasintha sefa za mafuta ndi za mpweya, anayang'ana pulopela, kenako anaika sikuludiraiva kukhutu. Anatsinzina nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Ni mainjekita," anatero pomaliza, kunena timipope topopera dizilo.

Oyendetsa maboti ndi ophika anali atatizungulira, mwini boti ali pomwepo manja m'thumba. Kwathu mwana sawongola bambo ake pagulu, makamaka mwana wamkazi amene bambowo anamuikira kumbuyo anthu akuseka kuti sipanala si ya akazi. Ndinati ndiwauza panjira. M'minibasi ndinalephera, kunyumba ndinalepheranso. Kuwauza za paipiyo kunali kuwauza kuti agontha, ndipo ine mtima umenewo ndinalibe.

Masiku awiri ndinawaonerera akuchita chimene ankasekera anzawo. Anazula mainjekita onse, anapita nawo m'tauni kukayezetsa, anabwera nawo ali bwinobwino, n'kuwabwezera m'malo mwake. Nkhomaliro imene amayi anawakulungira inabwerera momwemo. Ine ndinkangowapatsira sipanala, ndikudzida.

Lachisanu ndinalawirira iwo asanafike. Ndinasintha paipi ija, yakaleyo ndinaibisa m'chikwama, yatsopanoyo ndinaipaka girisi wakuda kuti ioneke yakale. Titaliyesa, boti linang'amba madzi mokweza mtsinje, utsi utayera. Mwini wake anawagwira chanza bambo mwamphamvu.

"Ba mudala, imwe ndimwe ba dokota," anatero.

Bambo anamwetulira, ine n'kudziona wochenjera.

Anthu atabalalika, iwo anatsalira m'chipinda cha injini. Anali ndi chizolowezi choyendetsa dzanja pa mapaipi onse akamaliza ntchito, ndipo ine, amene ndinachiona chizolowezicho moyo wanga wonse, sindinachiganizire. Dzanja linaima pa paipi ija. Anapukuta girisi ndi chala chachikulu. Bambo anali amanzere, ndiye zomangira mapaipi zonse za mu injini imeneyo mitu yake inkayang'ana mbali yawo. Ziwiri zokha, za paipi ija, zinali zitayang'ana mbali yanga.

"Unaimvela liti?" anandifunsa osandiyang'ana.

"Siku yoyamba, ba tata."

"Ati bwanji?"

Ndinabwereza mokweza, ndipo mawu anga anamveka moipa m'kachipinda kachitsulo kaja.

"Manje wenze kuniyang'ana chabe nipasula injini ya bene?"

"Sinenze kufuna kumichitisa nsoni pa bantu," ndinatero, mokwezanso.

Anapukuta manja ndi kansanza pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Nsoni ni iyi wanichita," anatero. "Wanibisila monga mwamene babisila muntu odwala."

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anatulutsa sikuludiraiva ija m'thumba la ovolosi, anaiika pamwamba pa injini, n'kukwera makwerero. Ntchito imene ndinawasungira mwakuba ija anaisiya okha tsiku lomwelo. Mwini boti anawatumira uthenga kangapo, koma kumtsinje sanapondenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Sanandisungire mangawa, ankasewera ndi ana anga pakhonde, koma ndikabwera ndi fungo la dizilo sankafunsa kuti lero kunali vuto lanji. Kale limenelo ndilo linali funso lawo loyamba, ndipo ndinalilakalaka zaka zonsezo.

Sikuludiraiva ija ndikugwiritsabe ntchito. Chigwiriro chake chinasalala ndi khutu lawo, tsopano chikusalala ndi langa. Sabata yatha ndikutsuka mbale ndinaona mwana wanga wamkulu ataima pakhomo, akundiyang'ana ndi nkhope imene ndinaizindikira. Ndinamufunsa kuti wandiitana kangati.

"Kamozi chabe, amami," anatero, maso ali pansi.