Njerwa za Bambo ndi Mvula ya Atsibweni

Chaka chimene mvula inatikana, atsibweni anga anatulukira kuti mitambo yonse, kuyambira ku Nsaru mpaka ku Kabudula, inali m'manja mwa bambo anga. Bambo omwewa amene mbuzi yeniyeniyi inkawapulumuka ndi chingwe chomwe!

Bambo anali mkamwini pamudzi pathu, ndipo mkamwini sachedwa kupezeka ndi mlandu. Wawo unali njerwa. Ansembe a kumishoni ankakuza tchalitchi, bambo n'kuyamba kuumba kudambo mochedwa, anzawo atapachika kale zikombole. Njerwa yaiwisi imafuna dzuwa, izi ngakhale mwana amadziwa. Ndiye chimanga chitayamba kupota masamba m'mizere, atsibweni sanavutike kufunafuna womanga mvula. Atsibweniwo anali munthu wopemphera, korona m'khosi ngakhale pokasamba, koma za kumanga mvula ankazidziwa kuposa katekisimu.

Anafika pakhomo dzuwa likuswa mtengo, n'kukana ndi mpando womwe.

"Alamu, masulani mvula. Mwezi uno ukatha isanagwe, mupinde kamphasa kanu muzipita kwanu. Anawa ndi athu."

"Kodi alamu, ndikadakhala ndi mphamvu zoterozo, bwenzi ndikulima munda wa eni?" anafunsa bambo.

Ine ndinali mtsikana wosinkhukirapo, ndipo ndinali nditaonapo akamwini akupirikitsidwa. Palibe amene anabwererako. Ndinachita mantha, ndiponso atsibweni ndinadana nawo mpaka ndinkawatungira madzi a pansi pa mtsuko.

Bambo sanasiye kuumba. Ankati akasiya ndiye kuti avomera. Anthu amene ankabwereka nkhwangwa kwathu anayamba kulambalala nyumba yathu, koma nkhwangwayo osabweza.

Mvula inabwera tsiku lina masana, mwezi uli pafupi kutha. Kunayamba kamphepo, nkhuku n'kuthawira pansi pa nkhokwe, kenaka chimvula cha madontho akuluakulu chinakhuthuka, dothi n'kununkhira mpaka kulakalaka kulinyambita. Amayi a m'mudzi analulutira, ana tikuvina m'matope. Ine ndinathamangira kudambo ndi mtolo wa udzu kuti tikafunditse njerwa. Ndinapeza bambo atangoima, madzi akuyenderera m'ndevu, njerwa zikusungunuka ngati mchere m'ndiwo. Anandiletsa kufunditsa.

"Zisiye, mwanawe. Abwere adzaone okha."

Mtima wanga unakhala pansi. Womanga mvula uti amene angaigwetsere pa njerwa zake zomwe? Ndinkaganiza kuti akuluakulu ali ndi maso.

M'mawa mwake atsibweni anabwera akumwetulira, tambala m'khwapa. Mpando anaulandira.

"Mwaonatu alamu, munthu ukamulankhula bwinobwino amamva. Mwagwira ntchito. Koma chaka chamawa musachedwetsenso chonchi, eti?"

Sindinawaonepo bambo atakwiya ngati tsiku limenelo. Analowa m'nyumba, n'kutuluka mphasa ili paphewa.

"Ngati ndine mfiti, tsalani ndi mudzi wanu. Ndikupita kwathu."

Atsibweni anadzuka ngati akhalira linthumbu. Korona ali lendelende, anagwira mphasa ija ndi manja awiri.

"Mupite kuti? Mupite ndi mvula yathu? Khalani alamu, pano ndi panu!"

Mawu amenewa bambo anawadikira zaka zonse za ukwati wawo. Analimira apongozi, anawafolerera nyumba, koma mawuwo osawamva. Anadzawamva tsiku limene anasanduka mfiti. Anandiyang'ana ine, nayang'ana mayi, n'kutula mphasa.

Chikombole sanachigwirenso, tchalitchi anamaliza ndi njerwa za ena. Koma chaka chilichonse mitambo ikazengereza, pakhomo pathu pankafika nkhuku, mwini wake akupereka moni wogwada. Bambo sankaidya. Ankanyamula kampando kawo n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka mbale zitatsukidwa. Ife ana tinkadya mpaka kuphwanya mafupa, tikusuzumira kuseriko kuti tione ngati akadalipo.