Ndinali Pakamwa pa Akazitape

Amuna anga ananditenga chitengwa kuchoka kwathu ku Nathenje kupita ku Mitundu zipani zambiri zitangoyamba kumene. Kuseri kwa msika anali ndi nyumba yoonetsera vidiyo. Ndikuti nyumba mwaulemu chabe. Chinali chisakasa cha matabwa ndi malata akale, chokutidwa ndi masaka kuti kuwala kusalowe komanso kuti ana asamaonere ulele. M'katimo munali mabenchi, kanema mmodzi ndi deki yoikamo matepi, ndipo munkanunkha thukuta, chingambwe ndi utsi wa jenereta.

Sindinakwatiwe kuti ndikagwire ntchito m'menemo. Chinandipachika n'Chingerezi changa cha Fomu 2. Tsiku lina ndinalowa kukapereka madzi akumwa, ndipo mzungu wa mufilimu ananena mawu oseketsa. Ndinaseka ndekha m'chisakasa chonsecho. Bambo wina wogulitsa mbuzi anacheuka n'kufunsa kuti wanena chiyani. Ndinamuuza, benchi lonse linaseka, ndipo amuna anga anandiyang'ana ngati munthu amene watola nkhuku panjira. Mawa lake anandiikira mpando pambali pa kanemayo.

Anthu a ku Mitundu ankakonda mafilimu a akazitape, makamaka oseketsa. A karate analipo, koma amenewo safuna womasulira chifukwa chibakera aliyense amachimva. A akazitape ndiwo anali anga, ndipo ndinawadziwa mpaka kunyansidwa nawo. Onse amayenda njira imodzi. Kazitape amavala suti ngakhale pokwera denga la sitima. Amapatsidwa wotchi yodula zitsulo kapena cholembera chophulika, ndipo m'mafilimu oseketsawo amayamba waphulitsa nacho ofesi ya bwana wake yemwe. Amakhala ndi mnzake wonenepa, wamantha, amene amangofuna kudya. Pamakhalanso mkazi wokongola amene sudziwa ali mbali iti. Ndiye chakumapeto amugwira ndithu, n'kumumangirira pampando, bomba lili pambali. Mkulu wa zigawenga, m'malo mongomuwombera, amayamba kufotokoza mapulani ake onse ngati munthu wapamsonkhano.

Pamenepo ndi pamene ndinkadyerera. Mkulu wa zigawengayo ndinkamulankhulitsa ngati anyamata aja ankatitsekera pachipata cha msika kufuna makadi a chipani. Zaka zochepa m'mbuyomo munthu ukanasowa nazo zimenezo. Tsopano azibambo ankagwa m'mabenchi ndi phwete, ena akupukuta misozi ndi zipewa. Wina akayamba kuda nkhawa ndi bomba lija, anzake ankamukalipira kuti akhale pansi, mwini filimu safa.

Sindinama, poyamba zinkandikoma. Koma kukoma kwake kunatha msanga. Tinkayamba m'mawa, filimu ikatha n'kubweza tepi, anthu ena n'kulowa, ine n'kunenanso nthabwala zomwe zija ndi mawu omwe aja. Ndikasintha pang'ono ankandikonza. Dzuwa ndinkaliona m'ming'alu ya matabwa. Azimayi anzanga kumsika ankandipatsa moni wa m'mphuno, poti mkazi wanji wokhala mumdima ndi amuna a eni tsiku lonse. Ndinali ndekhandekha m'chisakasa chodzaza anthu.

Matepi anali ochepa, choncho eni mavidiyo ankasinthana. Panali bambo wina wa ku Nathenje amene ankabwera panjinga kamodzi pa sabata, matepi atawakulunga m'jumbo chifukwa cha fumbi. Ameneyo ndiye ankandibweretsera nkhani za kwathu. Nyengo ya fodya itayamba anandiuza kuti amayi anga sakupeza bwino, miyendo yatupa, ndipo kumunda asiya. Ulendo wotsatira anati tsopano akungokhala pamphasa.

Ndinapempha amuna anga kuti ndipite. Sanakane. Akanakana bwenzi zili bwino, chifukwa munthu wokana umakangana naye. Iwo ankavomera mokoma, n'kunena kuti tidikire tsiku la msika lidutse. Likadutsa, ankati alimi angolandira za fodya, ino si nthawi yotseka pakamwa. Kenaka munthu wina anatsegula vidiyo yake pafupi ndi siteji ya minibasi, ndipo amuna anga anati ndikachoka ngakhale masiku awiri anthu athu onse asamukira kumeneko. Ankandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinkapsa mtima, koma ndinali mkazi wachitengwa, wopanda m'bale ku Mitundu, ndipo ankhoswe anali atandilangiza kuti mkazi sachoka pakhomo mwini wake asanamulole. Sabata yomalizayo bambo wa matepi uja sindinamuone n'komwe. Amuna anga anamulandirira kumsewu, n'kundiuza kuti anali wofulumira.

Tsiku limenelo linali la msika, dzuwa lili paliwombo, chisakasa chitadzaza mpaka ena kukhala pansi. Filimu inali itayandikira kumapeto. Ndikumwa madzi ndinasuzumira pamng'alu wa thabwa, ndipo ndinaona amuna awiri akutsamiritsa njinga pamtengo. Mmodzi anali msuweni wanga, mwana wa atsibweni. Winayo anali bambo wachikulire wa m'mudzi mwathu. Panja panali benchi, koma sanakhalepo. Ananjuta pansi, zipewa zili m'manja.

Kwathu uthenga wa matenda amatuma munthu mmodzi, aliyense amene akupita komweko. Akabwera awiri, n'kukana mpando, sufunsanso. Adzakuuza kuti matenda akula, tiyeni, ndipo adzanena zomwezo njira yonse mpaka iwe mwini udzamve kulira uli kumapeto kwa mudzi. Ndinkaudziwa mwambo umenewu kuyambira ndili mwana.

Ndinaimirira. Amuna anga, amene anali atawaona kale alendowo, anadutsa pakati pa mabenchi n'kundigwira paphewa.

"Mayi, tsirizani kaye. Yatsala pang'ono, ndipo anthuwa alowa kale. Alendo ndawalonjera, akudikira."

Ndinakhalanso pansi. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandikhazikanso. Khomo linali limodzi, kumbuyo kwa anthu onsewo, ndipo kuti ndilifike ndikanayenera kuponda miyendo ya azibambo ambirimbiri amene ankandiyang'ana kudikira mawu. Mwinanso ndinkaopa panja kuposa m'katimo. Ndikadali pampandopo, palibe amene anali atandiuza kanthu.

Pakanema anali atamugwira kazitape uja. Anamumanga manja kumbuyo, mnzake wonenepa atamumangirira kumsana kwake, akulira kuti afa ndi njala bomba lisanaphulike. Mkulu wa zigawenga anayamba ulaliki wake. Pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinanena za makadi, ndinanena za kudya, ndinalira kulira kwa wonenepa uja, ndipo anthu anati tsiku limenelo ndinaposa masiku onse. Mawu anga ankanjenjemera, iwo n'kumayesa ndi luso. Bambo wa mbuzi uja anaseka mpaka kutsamwa. Ndinkadana nawo onse, ndi kazitape yemwe, amene ndinkadziwa kuti adula chingwe ndi wotchi yake n'kutuluka suti ili yoyera.

Anadula, anatuluka, nyumba inaphulika kumbuyo kwake, anthu anaomba m'manja. Ndinadikira kuti atuluke onse, ndiyeno ndinatuluka nanenso, maso akuwawa ndi dzuwa.

Ndinagwada patsogolo pa alendowo. Tinapatsana moni monse mwa mwambo, za kumudzi, za mvula, za ana. Kenaka bambo wachikulire uja ananena mawu amene ndinkawayembekezera, kuti matenda akula ndipo ndikufunika kumudzi. Ndinavomera. Sindinalire, chifukwa sulira maliro amene sunauzidwe.

Msuweni wanga ndiye analephera kudzigwira. Anali wamng'ono kwa ine, wosazolowera ntchito yotere. Anayang'ana pansi n'kufunsa motsitsa mawu.

"Koma asuweni, uthenga uja sunakupezeni? Azakhali anakuitanani okha ndi pakamwa pawo. Anatuma bambo wa matepi kuti mubwere msanga, akufuna akuoneni akadali ndi mawu. Masiku onsewa akhala akufunsa ngati njinga iliyonse yodutsa ndi inu."

Bambo wachikulire anamugunda ndi chigongono, koma mawu anali atatuluka kale. Ndinacheuka. Amuna anga anali atawerama pa jenereta, akutsegula ndi kutseka chivindikiro cha thanki, ngakhale munali mafuta odzaza.

"Ndimati ndikuuzani msika ukatha," anatero, osadzutsa mutu.

Ndinalowa m'nyumba mwathu, ndinatenga zitenje ziwiri ndi mpango wakuda, n'kukwera pakaliyala ya msuweni wanga. Tisanafike n'kumsewu komwe, ndinamva jenereta ikulira ndi amuna anga akuitanira anthu filimu yotsatira. Tinadzera njira yachidule ya fumbi yopita ku Nathenje.