Mmene Ndinatsanzikira Ulendo wa ku Albania

Chaka chimene ndinameta ndevu tinkakhala ku Lewisham mu mzinda wa London, m'kanyumba ka zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo yochapira zovala. Munali m'katikati mwa zaka za m'ma 1990. Ine ndinkagwira ntchito yokankha odwala pachipatala, mkazi wanga ankaphunzira unamwino, ndipo Lamlungu lililonse tinkawoloka mtsinje kupita ku Tottenham, kumene Amalawi ndi anzathu a ku Zambia tinkapemphera m'holo yobwereka imene inkakhala ikununkhabe mowa wa Loweruka.

Tsiku lina ndinalowa m'sitolo ya zinthu zakale kukafuna ambulera. Ambulera sindinaipeze. M'bokosi la mabuku pafupi ndi khomo ndinapeza kabuku kothothoka chikuto, kolangiza munthu wa m'thumba mopepuka mmene angayendere dziko la Albania. Dzikolo ndinali ndisanalimvepo. Ndinachita mmene ndimachitira ndi Malemba nthawi zina: ndinatsinzina, n'kutsegula paliponse, n'kuikapo chala. Chala chinagwera pa ndime yonena kuti m'dzikomo kupemphera n'koletsedwa, matchalitchi anawasandutsa mosungira katundu ndi moseweramo mpira, ndipo pa malire asilikali amasecha zikwama kufuna Mabaibulo. Mwamuna wa ndevu amamumetera pomwepo asanalowe.

Ndinakumbukira mtumwi uja amene analota munthu wa tsidya lina akumudandaulira kuti awoloke akawathandize. Nditayang'ana pamapu a m'kabukuko, dzikolo linali loyandikana ndi kwawo kwa munthuyo.

Ndinagula kabukuko n'kubwerera kunyumba. Mkazi wanga ndinamupeza akusita yunifolomu.

"Mayi, ndaitanidwa."

"Kuchipatala? Si lero mukupuma?"

"Ku Albania."

Anayang'ana mapu aja, kenako anayang'ana ine. "Bambo, inu nomwe amene mwezi watha munkapita ku Woolwich n'kukapezeka ku Catford? Ambuye akanafuna munthu wotuma, si akanayamba ndi wodziwa mbali yoimira basi?"

Ndinamukumbutsa kuti Mulungu amasankha zopusa za dziko lapansi.

"Pamenepo pokha sinditsutsa," anatero, n'kupitiriza kusita.

M'mawa uliwonse, ndikatha mapemphero, ndinkawerenga kabukuko ndi pensulo yofiira yomwe ndimalembera mizere m'Baibulo. Kankati munthu atenge sopo wakewake, mapepala a kuchimbudzi, ndi kotsekera madzi m'bafa, chifukwa kumeneko kulibe. Kankati asajambule timanyumba ta simenti ta asilikali tomwe tamera paliponse ngati bowa. Kankati chakudya chotchipa ndi chitumbuwa cha tchizi cha m'mbali mwa msewu, ndipo njira yosaboola m'thumba ndi ya basi mpaka kunyanja, kenako sitima yapamadzi, munthu n'kugona panja pamwamba pake. Zogona panjazo zinandikoma kwambiri. Ndinkadziona ndili chigonere pamatabwa, mafunde akuwinduka, amalinyero akubwera kudzandifunsa mawu olimbikitsa.

Lamlungu lotsatira ndinawerenga ndime ija pamaso pa mpingo. Anthu anausa moyo. Titaweruka, mayi wina wa ku Lusaka, telala wodziwa ntchito yake, anandikokera pambali.

"Ba brother, mubwelese jekete yanu ya winter. Nizasokela ma pocket mukati. Ba soldier bazafuna mpaka baleme, sibazapeza."

Anasokamo matumba khumi ndi awiri, monga mafuko a m'chipululu, ndipo m'thumba lililonse tinaikamo Chipangano Chatsopano chaching'ono cha Chingerezi. Zoti anthu a ku Albania amawerenga Chingerezi kapena ayi, palibe anafunsa. Ine ndinaziganizako kamodzi, koma ndinati Mzimu amene anamasulira malilime tsiku lija sanatope.

Ndevu ndinali nditazisunga zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinatsimikiza kuti lumo la osakhulupirira silizikhudza, choncho ndinazimeta ndekha. Nditatuluka m'bafa, mkazi wanga anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ine ndinakwatiwa ndi munthu ameneyu? Chibwano ngati chinangwa chosenda."

Tsono kwathu ulendo umayamba ndi kutsanzika. Tikiti ndi nkhani ya padepoti: munthu umafika, n'kugula, n'kukwera. Ine ndinapempha tchuthi cha milungu iwiri kuntchito, n'kuuza mpingo kuti ndinyamuka Lolemba. Lamlungu anandiika pakati n'kundisanjika manja. Amayi ena ankalira. Anandipatsa kamba wa nkhuku ziwiri zowotcha, mtedza wokazinga ndi mandasi. Mkulu wa mpingo wathu, bambo wachikulire wodwala matenda a shuga, anatulutsa pepala n'kulemba mayina khumi ndi anayi: munthu aliyense asale kudya tsiku limodzi mpaka ndidzabwere. Iwo anadzitengera Lachitatu, chifukwa powerengera anaona kuti ndilo tsiku limene ndidzaime pamaso pa asilikali.

Lolemba kunacha kotentha, unali mwezi wa July. Ndinavala jekete lija pamwamba pa malaya. Linkalemera ngati ndabereka mwana kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo ndikafuna kukhala, mabuku ankandibaya m'nthiti. M'sitima ndinaima njira yonse, thukuta likutsikira m'masokosi, anthu akundipatsa malo ambiri kuposa amene ndinapempha.

Kabuku kankati mu London monse muli ofesi imodzi yokha yokonza maulendo a ku Albania, kufupi ndi siteshoni ya Victoria. Nditafika pa nambala yake ndinapeza akugulitsa masangweji. Khomo loyandikana nalo linali la ogulitsa matikiti a maulendo, ndipo ndinalowa kukafunsa kumene anthu aja anasamukira. Pa desiki panali mayi wachikulire wa ku zilumba za Caribbean, wovala kamtanda m'khosi. Ndinatsitsa mawu, n'kumuuza zonse, n'kumutsegulira tsamba la asilikali.

Iye sanawerenge tsamba limenelo. Anabwerera koyambirira kwenikweni, kumene kumakhala timalemba ting'onoting'ono tomwe ine sindinawerengepo m'buku lililonse.

"Bambo, chaka cha bukuli munachiona?"

Linasindikizidwa ine ndili ku sekondale.

"Boma limenelo linagwa," anatero. "Matchalitchi anatsegula kalekale. Mpingo wathu unatumizako lole chaka chatha, yodzaza Mabaibulo a m'chinenero chawo, ndi mabulangete. Anayendetsa ndi mlamu wanga, ndevu zake mpaka apa." Analoza pachifuwa. Kenako anatenga pasipoti yanga ya Malawi, n'kundiuza kuti dziko lililonse la panjira ya basiyo lidzafuna chilolezo chake, ndipo zimenezo n'za milungu, osati za lero. Pomaliza anandifunsa ngati ndikufuna madzi akumwa.

Ine ndinaleredwa ndi buku limodzi, ndipo buku limenelo silikalamba. Palibe amene amafunsa chaka chake asanalikhulupirire. Ndinkaganiza kuti chilichonse chosindikizidwa chili ndi khalidwe lomwelo, ndipo mumpingo monse panalibe woganiza mosiyana.

Kunyumba mkazi wanga anaseka mpaka anakhala pansi, msana utatsamira firiji. Atapukuta misozi anafunsa, "Ndiye muwauza liti?"

Ndinati ndikudikira chitsogozo.

Ndinatseka makatani. Monga mneneri uja anatsikira m'munsi mwa chombo n'kukagona, inenso ndinatsikira m'chipinda. Kamba anali pomwepo, ndipo chakudya sichitayidwa. Lolemba ndinadya mandasi. Lachiwiri ndinayamba nkhuku. Maganizo amene anandibwerera anali osalala bwino: ndingokhala m'nyumba masiku khumi ndi anayi, kenako ndikaime kutsogolo ndinene kuti zitseko zatseguka, anthu akupemphera poyera, Mabaibulo ali paliponse. Mawu onsewo akanakhala oona. Ndinayesa kuwalankhula pagalasi, ndipo ankamveka bwino. Koma ndikafika pakati ndinkakumbukira banja lija linagulitsa munda n'kubweretsa gawo ngati kuti ndi zonse, ndi mapazi a owanyamula atafika pakhomo.

"Nkhuku mukudyayo ndi ya anthu amene ali ndi njala chifukwa cha inu," anatero mkazi wanga. "Ndikuuziranitu, foni ikalira ndiyankha, ndipo ine sindinama."

Inalira Lachitatu cha m'ma teni m'mawa. Anali akazi a mkulu wa mpingo uja, ankafuna kulimbikitsa mkazi wanga. Mawu awo ankamveka mpaka pamene ndinakhala. Anati bambo akana ngakhale tiyi, mankhwala awo ofunika kumwera chakudya awasiya patebulo, manja ayamba kunjenjemera, koma akuti salawa kanthu mpaka dzuwa litalowa, chifukwa mwana wawo ali pa malire.

"Tadikirani pang'ono, amayi," anatero mkazi wanga. Anatseka foni ndi dzanja n'kundiyang'ana. M'manja mwanga munali ntchafu ya nkhuku.

Ndinaiika pambale. "Auzeni ndikubwera."

"Akuti akubwera konko," anatero pafoni.

"Ndani?"

"Eni ake ulendo."

Basi, sitima yapansi, basi ina. Sindinapempherepo kuti sitima ifulumire ngati tsiku limenelo. Anatsegula chitseko ndi mkuluyo mwini, milomo itauma, atagwira khoma.

"Akubwezani pa malire?"

Njira inali yotseguka, yotakata bwino. Ndikanangogwedeza mutu.

"Ayi, abambo. Ndinabwerera pa Victoria."

Ndinagwada pakapeti pawo n'kufotokoza zonse kuyambira pa masangweji. Anavala magalasi, anatenga kabuku kaja, n'kuwerenga chakacho kawiri, milomo ikuyenda.

"Ndiye kuti ku Albaniako akupemphera?"

"Akupemphera, abambo."

"Poyera?"

"Ndi mabelu omwe."

"Kuyambira liti?"

"Patha zaka zinayi kapena zisanu."

Anavula magalasi aja. Mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo ndinaopa kuti shuga wawagwetsa, koma ankaseka. "Taonani Mulungu ameneyu. Anayankha ife tisanamve n'komwe njala. Amayi, tatenthetsani phala lija."

Anadya supuni zingapo, anamwa mankhwala, nkhope inabwerera. Pamenepo m'pamene anandiyang'ana bwinobwino.

"Nanga inu kuyambira Lolemba mwakhala muli kuti?"

"Kunyumba."

"Mukudya?"

"Ndikudya, abambo."

"Kulakwitsa chaka si tchimo, mwana wanga. Tonse tinalimva bukuli, tonse tinati ameni. Koma anthu awiri asala masiku awo inu mukutafuna kuseri kwa katani. Amenewo mukawapepese pakhomo pawo, ndi miyendo yanu. Otsalawo, foni ili apo." Anandipatsa pepala la mayina lija.

Ndinakhala pa kampando m'khonde mwawo n'kuimbira anthu khumi ndi mmodzi, wina kuntchito, wina kunyumba, aliyense kumuyambira nkhaniyo pachiyambi. Mkuluyo anasiya chitseko chotsegula kuti azimva ngati ndikudumpha zina. Ena anaseka mpaka kuitana anzawo kuti ndibwerezenso. Mphunzitsi wina amene tsiku lake linali Lachinayi anadandaula kuti anali atadya kale kawiri chakudya chamasana pokonzekera.

Womaliza pa pepalalo anali telala uja. Anamvetsera osandidula, makina ake atasiya kulira.

"So simunayende?"

"Sindinapite, amayi. Ndiye tsiku lanu lija musavutike nalo, mudye."

"Iyayi, ba brother. Siku yanga ninapasa kale Mulungu, siningaitenge futi. Ba Albania bali che bwino. Nizasalila imwe."

Ndinayang'ana kwa mkuluyo kuti andithandize. Anali akukokota phala m'mbale.

"Asiyeni asale," anatero.