Mluzu wa m'Mbale ya ku Joni

Ndinakwera ndege ine, ee, ndinakwera! Mwana wanga wamkazi anandiitana ku Columbia Heights, ku Amereka, kuti ndizimulerera khanda iye akapita ku ntchito. Sukulu ndinangoinunkhiza, koma makutu angawa ndi ophunzira.

Kuseri kwa khoma lathu kunkakhala mkulu wina, wakuda ngati ife koma wobadwira komweko. Masana aliwonse ankaliza nyimbo imodzimodzi ya jazi. Nditaimva koyamba, thewera linandipulumuka m'manja. Inali nyimbo ija amuna anga ankaimba ndi mluzu asanabwerere ku migodi ya ku Joni. Uthenga unadzabwera woti mgodi wawagwera. Thupi silinabwere. Tinaika thunthu la nthochi m'manda, ine n'kumetedwa mpala.

Loweruka lina ndinakoka mwana wanga kuti akandimasulire. Mkuluyo anakondwa, n'kutulutsa mbale za galamafoni mulu. Nyimbo imodzi, mbale zambirimbiri! Yoyamba, akuti, inachokera m'sewero, mayi akuimba ngati ali m'chitini. Kenako oliza malipenga anaitola n'kuithamangitsa. Wina anaichedwetsa pa piyano mpaka inasanduka ya maliro.

"Iyi inawoloka nyanja," anatero mkuluyo. "Anaijambula ku Joni."

Singano inatera. Malipenga, ng'oma, ndiye pakatikati mluzu. Mluzu wothawira pa dzino lija linawathyoka amuna anga. Utatha, chifuwa chawo: khoo, khoo-khoo.

"Iwe, taona, anaijambula liti?"

Mwana anawerenga pachikuto. "Amayi, apa n'kuti manda aja atamera kale udzu."

"Nanga wamluzuyo ndani? Tawafunsa."

Mkuluyo anandiyang'anitsitsa. Akuti mbaleyo wailiza zaka zambiri, mulibe mluzu. Mwana wanganso sanamve kanthu.

Tsono ndine wamasiye, kapena ndikadali mkazi wa munthu? Ndinkapitako masana aliwonse, mdzukulu kumsana. Mluzu unkasendera. Unayambira kumbuyo kwa ng'oma, kenako patsogolo pa malipenga, kenako apa, pakhutu penipeni, kamphepo kake kozizira.

Tsiku limene unafika pakhutulo ndinagwada pafupi ndi galamafoni, n'kuomba m'manja. "Abambo ake, ngati muli moyo, tsokomolani. Ngati munagona, gonani, ana ndinalera."

Mluzu unafika pa dzino lija, n'kuleka. Mbale inazungulira mpaka kutha, chifuwa osabwera. Ndinaliza nthungululu ine, ndinavina pamkeka wa eni! Anagona, mayo, sanandithawe ayi!

Ndili mkati movina, mdzukulu kumsana kuja anatsokomola: khoo, khoo-khoo.

Ndinamutsitsa, n'kumuyang'ana m'kamwa mopanda manomo. "Mwafika liti?" ndinawafunsa.