Zikhomo za Kalilu ku Manda a Kugombe

Kalilu Zaidi anabadwira m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja cha ku Liwaladzi, ndipo anthu akumeneko anamuweruza kalekale kuti ndi munthu wosakhazikika. Mlandu wake unali woyenda basi. Sukulu anailekera Sitandade 6, usodzi sunamuyanje, ndiye kampani ina yokonza misewu itadutsa, iye anakwera lole yawo n'kupita. Ntchito yake inali yogwira ndodo yamanambala imene akatswiri oyeza malo amayang'ana, ndi kukhoma zikhomo pamene amulozera. Zaka makumi awiri ndi zitatu anakhoma zikhomo: ku Karonga, ku Mbeya, ku Tete, mpaka kunyanja yamchere kupitirira Nampula. Akabwera kumudzi ankafotokoza zimene waona, ndipo amuna amene moyo wawo wonse sanapitirirepo pa Dwangwa ankamutsutsa kuti akunama. Anthu otere alipo ambiri kuno. Sanaone kanthu, koma palibe chimene sadziwa.

Mkazi wake, Shamsa, anamwalira mu 2017 iye ali ku Mozambique. Asilamu sagoneka maliro. Anatsirizika m'mawa, pofika masana anali ataikidwa. Kalilu anafika patatha masiku atatu, fumbi lili m'tsitsi, n'kupeza mikeka ya pamaliro ikupindidwa. Mlamu wake, a Abdulhamid, telala wa pamsika amene anali mchimwene wa malemuyo ndiponso mwini mbumba, sanamupatse dzanja.

"Mwafika, a maulendo? Takwirira kale. Mukhoza kubwerera."

Sanabwerere. Anayamba kulima chinangwa, n'kulowa m'gulu la okumba manda a pamzikiti, limene ankatsogolera mkulu wina wanthabwala dzina lake Latifu. Mwana mmodzi yekhayo wa Kalilu, Rahila, anakwatiwa ndi msodzi, ndipo ankapatsa bambo ake moni waulemu wonga wopatsa mlendo wa eni ake.

Chaka cha 2024 nyanja inakwera koopsa. Inameza mchenga wapadoko, inameza matandala oyanikapo usipa, inazula mitengo ya mango, mpaka inakafika patsinde pa chitunda chamchenga pamene pali manda a Asilamu. Ena onse ankadandaula za nyumba ndi minda ya mpunga. Kalilu anadula nsungwi, nasema zikhomo khumi ndi ziwiri, nakazikhoma mumzere kuchokera pamene chitunda chathera kufika pamanda a Shamsa, chilichonse chitalikirane ndi chinzake phazi limodzi lalikulu. Unali mwezi wa Meyi, mwera ukuyamba kumene. Sabata yoyamba zikhomo ziwiri zinapita.

Msilamu amagonekedwa cham'mbali, pa dzanja lamanja, m'kachipinda kokumbidwa m'khoma la manda, nkhope itayang'ana ku Maka. Kugombe lino zimenezo zitanthauza kuti mutu umaloza kum'mawa, kunyanja. Kalilu ankadziwa tsono kuti madzi akadzafika, adzayambira kumutu kwa mkazi wake. Nkhani imeneyi inamuletsa kudya.

Koma ankadziwanso china chimene m'mudzimo munalibe wochidziwa. Ku Mozambique kuja msewu unayenera kudutsa pamanda a Asilamu, ndipo iye anaona ndi maso shehe wokalamba ndi anthu ake akusamutsa manda makumi anayi. Anaona mmene amakumbira chakumbuyo kwa malemu, mmene amasiyira khasu n'kuyamba kufukula ndi manja, mmene amaikira mafupa onse mu sanda yatsopano, nsalu yoyera yokulungira maliro, duwa, pemphero lachisilamu, ili mkati. Iye mwini anagwira nawo nsaluyo. Palibe anapenga, palibe anatupa miyendo.

Anayamba ndi anzake okumba manda. Latifu anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka n'kuseka.

"A Injiniya, khasu langali limadziwa njira imodzi. Timalowetsa ife, sititulutsa. Mukufuna akufa atizolowere, azitiitana okha?"

Anapita kwa shehe. Shehe anati mabuku amaloleza kusamutsa malemu ngati madzi akuopseza manda, koma mawu omaliza ndi a mwini mbumba. Anapita ku boma. Pa ofesi ina anamuyendetsa Malolemba atatu, kuuzidwa kuti abwana ali ku msonkhano, ngati kuti nyanja nayo imapita ku misonkhano. Pomaliza anamupatsa pepala losowa chinthu chimodzi chokha: siginecha ya a Abdulhamid.

Anawapeza pakhonde la sitolo akusoka yunifolomu ya sukulu. Makina sanaime.

"Alamu, zatsala zisanu ndi ziwiri."

"Zichani?"

"Zikhomo. Zinali khumi ndi ziwiri."

"Timitengo tanu tija? Ndinapitako Lachisanu titaswali. Udzu uli bwinobwino, nthaka ili gwa. Ndinapondapo ndekha."

"Ikudyeka pansi, alamu. Pamwamba pamanamiza."

Apo makina anaima. A Abdulhamid anavula magalasi.

"Munalephera kumuika, lero mukufuna kumufukula? Ali moyo ankangokhalira kuyang'ana kumsewu. Wagona tsopano, ndiye mwati nayenso ayambe maulendo? Mlongo wanga sasuntha. Chotsani chipepalacho pa nsalu za eni."

Kalilu anayesa zonse zimene munthu mmodzi angayese. Anadzaza mchenga m'matumba a feteleza n'kuwasanja patsinde pa chitundacho; mwera unawatenga tsiku limodzi. Anatuta miyala pa njinga masiku anayi, mapewa mpaka kusupuka. Nyanja inaimeza ngati mtedza. Anthu anayamba kunong'ona kuti zikhomo zija si zachabe, kuti anabwera nazo kuchokera ku Mozambique, kuti munthu wosachoka kumanda ali ndi chimene akufunako. Azimayi ankaitana ana awo akamuona akudutsa. Omwewo amene sanathe kunyamula mwala umodzi anapeza mphamvu zomunenera ufiti.

Tsiku lina masana anatenga khasu n'kukaima pamandapo yekha. Zikhomo zinali zitatsala zinayi. Analikweza khasulo, koma silinatsike. Akanakumba yekha, popanda shehe, popanda abale, Shamsa akanatuluka ngati katundu wakuba, ndipo Rahila akanakhala mwana wa wofukula manda mpaka imfa. Anakhala pansi n'kulira ngati mmene akanalirira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo akanafika nthawi yabwino. Pansi pake ankamva mafunde akugunda, nthaka ikunjenjemera m'matako.

M'mawa mwake Rahila anamupeza ku munda wa chinangwa.

"Ababa, akuti mwapenga."

"Akunena ndani?"

"Aliyense. Ku chitsime sindikutha kutunga madzi." Anakhala pamzere n'kuyang'ana manja a bambo ake osupukawo. "Ine kumanda sindinalowemo, mukudziwa akazi sitilowa. Pamene anagona amayi sindipadziwa. Amalume akuti nthaka ili gwa, inu mukuti ikutha. Ndimvere ndani?"

"Usamvere aliyense. Bwana amene ndinkamugwirira ndodo ku Tete sankalola kuti tiyeze gombe la mtsinje titaima pamwamba pake. Ankatiwolotsa kuti tikalione kuchokera kumadzi. Amalume ako akuima pamwamba."

Rahila anaimirira.

"Kumanda ndi kumene sandilola. Panyanja palibe anandiletsa. Boti la amuna anga lili padoko."

Mmene anawatulutsira a Abdulhamid m'nyumba ndi nkhani imene anthu akuikambabe. Mkuluyo sanakwerepo boti kuyambira pamene bwato linamugudubuza ali wamng'ono. Rahila anagwada pakhomo pawo mwaulemu wonse, n'kunena kuti akapanda kukwera naye, iye alowa kumanda Lachisanu anthu akutuluka mu mzikiti, akadzionere yekha, ndipo aliyense adziwe kuti mbumba ya a Abdulhamid yasowa woiyang'anira. Anakwera.

Ananyamuka dzuwa litangotuluka, mwera usanadzuke. Kalilu ndi Latifu ndiwo ankapalasa. A Abdulhamid anakhala pakati atagwira matabwa ndi manja onse awiri, milomo ikuyenda.

"Musaope, a telala," anatero Latifu. "Mukagwera m'madzi mwatipeputsira ntchito. Sitikumba."

"Palasa, iwe. Pakamwa ngati wailesi."

Atazungulira bango n'kufika moyang'anizana ndi manda, Latifu anasiya kupalasa.

Chitunda chija chinali chitadyeka kunsi, chili mphako yaitali yoti munthu n'kulowamo choweramira. Udzu umene a Abdulhamid anapondapo unali ngati denga la khonde, mizu ili lendelende. Chikhomo chimodzi chinkaoneka pamwamba penipeni pa mphakoyo, chitapendekeka. Chakumpoto pang'ono, pakhoma lamchengalo, panatulukira timitengo tosanjikizana, tija amatsekera kachipinda ka malemu. Kumbuyo kwake kunali bowo. Kansalu kotuwa kanakodwa pa muzu, mafunde akukakweza ndi kukatsitsa.

A Abdulhamid akhala akudula nsalu zaka makumi anayi. Sanafunse kuti n'chiyani.

"Ndi a yani?" anafunsa motsitsa.

"Mayi Maimuna, a kuseri kwa mzikiti," anayankha Latifu. Nthabwala zinali zitamuthera. "Ndinakumba ndine."

"Ali momwemo?"

Latifu anasuzumira, napukusa mutu. "Mulibe munthu."

Rahila anaphimba nkhope ndi mpango. A Abdulhamid anaweramira kunja kwa boti n'kusanza. Atapukuta ndevu, anayang'ana mlamu wawo m'maso koyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri.

"Zatsala zingati?"

"Pamwamba zitatu. Kunsiku mwaona nokha."

"Pepala lija muli nalo?"

Linali m'thumba la malaya, m'kapulasitiki ka shuga. Anasaina pomwepo, pa bondo, ndi bolopeni ya Rahila. Masana omwewo anatseka sitolo n'kudula sanda yatsopano, ndipo sanalole wina kugwira sizasi.

Anakumba m'mawa wotsatira, amuna asanu ndi mmodzi ndi shehe. Amene ankamuseka aja tsopano ankadikira kuti Kalilu anene. Anawaletsa kuima mbali ya kunyanja. Aliyense wotsika m'dzenje anamumanga chingwe m'chiuno, nsonga ina ku mtengo. Anayambira kummwera, kumbuyo kwa malemu, ndipo atafika pa timitengo totsekera anati makasu onse aikidwe pansi. Mwera unadzuka msanga tsiku limenelo. Funde lililonse likagunda, mchenga unkayoyokera m'dzenjemo.

"A Injiniya," anatero Latifu, "taonani uko."

Mng'alu unali utatseguka pakati pa chikhomo chachitatu ndi chachiwiri, wolowa chala.

"Ndauona. Musathamange. Tikasiya fupa limodzi ndiye kuti sitinachite kanthu."

Anafukula ndi manja, iye ndi Latifu, atagwada, shehe akuwerenga duwa pamwamba mokweza kuti apose mphepo. Mchenga wa kumutu unali wonyowa kale. Kalilu anaupapasa pang'onopang'ono mpaka anakhutira kuti palibe chatsala, ndipo anakulunga sandayo yekha monga anaonera kutali kuja. Atatuluka onse, asanafike ndi pachipata, anamva chiphokoso kumbuyo. Chikhomo chachitatu chinapita ndi nthaka yake.

Ananyamula jeneza, chonyamulira maliro, kuwoloka msewu wa M5 kupita kumtunda, kudothi lofiira kumene mzikiti unapatsidwa malo. Linali lopepuka moti onyamula ankachita manyazi kusinthana. Rahila anaima pambali pa msewu ndi azimayi ena, ndipo litamudutsa ananena mawu amodzi okha, "Amayi," ngati akuwaitana kuti adzaone kanthu.

Pamanda atsopanowo a Abdulhamid anali atavula kale nsapato kuti atsike. Anaima, nabwerera m'mbuyo.

"Tsikani ndinu, alamu. Ndi akazi anu."

Kalilu anatsika, namugoneka Shamsa pa dzanja lamanja, nkhope ku Maka.

Tsiku lomwelo Latifu anabwera kwa Kalilu atasenza mtolo wa nsungwi, n'kuuponya pabwalo. Anati amuphunzitse kakhomedwe ka zikhomo, chifukwa m'mphepete mwa chitunda muja munatsala manda khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo ambiri mwa mandawo anawakumba ndi iyeyo. Mabanja asanu ndi atatu anavomera sabata yomweyo. Enawo anakana. Anati zimenezo n'za ku Mozambique, anati makolo sanachitepo, anati nthaka ili gwa, anapondapo okha. Manda awiri anapita mu Julayi eni ake akukambiranabe.

Kalilu sanakangane nawo. Wakalamba, ndipo mapewa aja sanapole bwino. M'mawa uliwonse mwera usanadzuke ankabwereka boti la mkamwini wake n'kukagogoda pakhomo limodzi la mabanja okanawo. Akamutukwana, ankapita pakhomo lotsatira. A Abdulhamid ankatsagana naye, ndipo ndiwo ankayamba kukwera, atagwira matabwa ndi manja onse awiri, akukalipira mwini mbumba wotsalira pamchengayo kuti afulumire nyanja isanavute.