Kukafukula Makaderno a Achimwene ku Lifidzi

Ndinanyamuka ku Ulongwe m'mamawa nyengo yachisanu, nkhungu itaphimba msika moti ogulitsa ankangomveka mawu okha. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wamantha woti ngakhale chule ankandipatutsa m'njira. M'thumba ndinanyamula khasu lopanda mpini, kachewere wophika, mchere pang'ono, ndi giya, kapepala kachilolezo kamene popanda iko sunkayenda masiku ankhondo aja.

Achimwene anga Abiliyo anali aprofesolo, ophunzitsa ana pa shikola ya kwathu ku Lifidzi. Chaka chapitacho anthu a m'tchire, zigawenga zija, anawatenga pamodzi ndi amuna ena, ife n'kuthawira ku Ulongwe. Kenako kunamveka mbiri yoti wina anawaona atafa m'mbali mwa mtsinje. Achibale anati tikwirire thunthu la nthochi, monga timachitira mtembo ukapanda kupezeka, kuti maliro athe, anthu amete. Amayi anakana.

"Ine sindinabale nthochi," anatero. "Mundipatse chinthu chimene dzanja lake linagwira."

Anali atasiya kudya, tulo osapeza, tsitsi litapotana. Ndinaona kuti tikazengereza tiika maliro awiri.

Chinthu choterocho ndinkachidziwa. Achimwene ankalemba buku la ana awo a kushikola, n'kumawawerengera Lachisanu lililonse. Linali lonena za akuba asanu otayidwa ndi midzi yawo, okhala m'nkhungu, mtsogoleri wawo ali Kamthunzi. Sankaba mbuzi kapena nsalu. Ankaba chifuwa cha mwana wodwala, mthunzi wa munthu wankhanza, njala ya m'nyumba ya amasiye. Lamulo lawo linali limodzi: pamene watenga, siyapo kanthu. Bukulo linadzaza makaderno anayi, mabuku olembamo aja, koma silinathe, ndipo mfuti zitayandikira tinalikwirira m'chitini pansi pa mpichesi kuseri kwa nyumba.

Ndinakwera tiratore yokoka ngolo, yokatenga nkhuni za asilikali. Woyendetsa, bambo wamfupi wa mano awiri, anayang'ana ndalama zanga za mametikali ngati ndamupatsa masamba a nthochi.

"Mapepalawa ndikazinga, achemwali? Mchere mulibe?"

Ndinamuthirira mchere wodzaza manja awiri, kulipira ulendo wopita ndi wobwerera womwe. M'ngolo munali matumba a mchenga, akuti otchinjiriza bomba likaphulika pansi. Agogo ena amene ndinakhala nawo pafupi anandiuza kuti ndikhale pa thumba lenilenilo, kuti ndikauluka ndiuluke nditakhala mwaulemu. Tinaseka tonse, koma aliyense anasendera pa thumba.

Pa chingwe chotchinga msewu potulukira m'tauni, mmilisiya wolondera pamenepo anawerenga giya yanga, kenako anatulutsa khasu lija m'thumba.

"Ku Lifidzi mukukalimira ndani? Mizimu?"

Ndinati ndikukakumba mbatata zimene tinasiya. Anandibwezera khasulo osandiyang'ana kumaso, monga momwe munthu amaperekera chinthu kwa wodwala amene sachira.

Dzuwa litakwera pang'ono tinaima pa mlatho wogumuka, pamene tiratore inkathera. Woyendetsa anandilozera phiri n'kunena kuti dzuwa likangolikhudza iye anyamuka, ndilipo kapena ndilibe. Anandilangizanso kuti ndiziponda pamwala kapena pamene paponda chamoyo china, osati pa dothi losalala.

Ndinayenda ndekha, maso ali pansi. Chimanga cha chaka chatha chinali chiimire m'minda, chouma, chosakolola. Nyumba zinalibe zitseko. Galu wina anatuluka m'khola, anandiyang'ana nthawi yaitali osauwa, n'kubwerera. Patsogolo panga panali mapazi a munthu mmodzi opanda nsapato, ozama modabwitsa, ngati mwini wake anasenza ng'ombe. Ndinaponda mwa iwo mpaka kwathu. Nditafika pafupi ndi shikola, chitsulo chimene tinkachiimba ngati belu chinalira kamodzi, pomwe kunalibe mphepo. Miyendo inandiuza kuti tibwerere, koma ndinakumbukira tsitsi la amayi.

Masana ndinali pansi pa mpichesi ndikukumba. Chitini munalibe. M'dzenjemo ndinapezamo jizi, choko choyera cha kushikola, atakulunga bwinobwino m'tsamba. Wakuba wamba sasiya kanthu. Amene anatenga chitinicho ankalidziwa bukulo.

"Mwachedwa, alongo a aprofesolo."

Anali ataima kumbuyo kwanga, ana asanu, atandandalika pamzere, aliyense phazi lili m'phazi la mnzake. Apo ndinamvetsa kuzama kwa mapazi aja. Wakutsogolo anali Rozita, mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zisanu amene ankakhala pa benchi yoyamba m'kalasi mwa achimwene. Nditamutchula dzina anapukusa mutu.

"Rozita anapita ndi a m'tchire. Ine ndine Nadzimbiri."

Limenelo linali dzina la m'buku, la mtsikana wakuba chifuwa. Enawonso anali atagawana mayina. Anandifotokozera kuti anatengedwa tsiku limodzi ndi achimwene, n'kuthawa patapita miyezi. Kutauni akanatchedwa akazitape, kutchire akanaphedwa ngati othawa, choncho ankakhala pakati, akudya za m'minda ya eni ake othawa. Akazula kachewere ankabzalapo nyemba. Ndinawerenga mayina awo ndipo limodzi linasowa.

"Nanga Kamthunzi ndani?"

Dzina limenelo palibe analitenga. Wachisanu, kamnyamata kachibwibwi, ankangotchedwa Mlendo.

Ananditengera ku msitu wa kumanda, kumene kale kunali dambwe la gule. Ife ana a kumishoni tinkauzidwa kuti ukalowako sutulukako uli yemweyo, ndipo ndinalowa ndikunena Tikuoneni Mariya chamumtima. Masana enieni m'menemo munali mdima ndi kuzizira. Chitini chinali pansi pa mtengo, ndipo munali makaderno asanu.

"Tinakwirira anayi," ndinatero.

"Lachisanulo limabwera lokha," anatero Nadzimbiri. "Timalisiya pa manda aja pamodzi ndi chakudya. Tikapita m'mawa chakudya palibe, tsamba lawonjezeka. Wolemba sitinamuonepo, ndipo sitimudikirira. Usiku wapitawu walemba mawu akuti lathera pano."

Ndinatsegula. Linali dzanja la achimwene, zilembo zopendekera kumanzere ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Nditapaka chala pa mzere womaliza, chinada ndi inki yaiwisi. M'mutu womalizawo Kamthunzi anagwidwa ndi zimphona zimene zinkamusenzetsa moto wotenthera midzi. Anadziwa kuti mayi ake akapitiriza kumutchula, zimphonazo kapena adani azo adzalondola dzinalo mpaka pakhomo. Choncho anapita kukaba komaliza: anaba dzina lake lomwe m'kamwa mwa mayi ake, n'kusiyamo tulo. Mayiyo ankakhala kuseri kwa msika, m'kanyumba kofolera theka malata theka udzu, pakhomo pali mtondo wong'ambika.

Kameneko kanali kanyumba kathu ka ku Ulongwe, kamene tinalowamo achimwene atatengedwa kale.

Ndinalira, koma sindinadziwe ngati ndikulirira kuti ali moyo kapena chimene anasanduka. Ndinaitana dzina lawo kawiri m'msitumo. Nadzimbiri ananditseka pakamwa ndi dzanja lozizira.

"Simunawerenge kodi? Tengani, ife tinaloweza onse. Koma mwatenga, musiye kanthu."

Ndinasiya khasu lija. Anandiperekeza mpaka kuoneka mlatho, ine ndili wachisanu ndi chimodzi pamzere, ndikuponda m'mapazi awo. Nditacheuka kuti nditsanzike, panali nkhungu yokha ndi mapazi a munthu mmodzi. Dzuwa linali litakhudza phiri, tiratore ikulira kale. Woyendetsa anandifunsa za mbatata, ndinati zinaola.

Njira yonse yobwerera ndinakhala pa thumba la mchenga, kaderno lachisanu nditalimangirira pamimba, mkati mwa nsalu. Ndinkadziwa amayi anga. Akanaona inki yaiwisiyo, akanayenda wapansi mpaka kutchire akufuula dzina la mwana wawo pa chingwe chilichonse.

Tinafika ku Ulongwe dzuwa litalowa. Ndinagwada n'kupereka makaderno anayi. Amayi anawanunkhiza, anawakumbatira, n'kufunsa kuti, "Ndi onse?"

"Ndi onse, amayi."

Makadernowo tinawaika m'manda Loweruka, atakulungidwa m'nsalu yoyera, akatekisita akutsogolera mapemphero. Titameta, amayi anadya phala mbale yonse n'kugona mpaka dzuwa la mawa lake litakwera.

Nkhondo itatha anthu anabwerera kuchokera ku Malawi ndi kutchire. Ndinkaima pamsika kuyang'ana nkhope iliyonse yotsika pa galimoto, koma achimwene sanatsike, ndipo ana asanu aja palibe anawaonapo. Amayi anakhala zaka zambiri, akulambula manda a makaderno chaka ndi chaka, mpaka anamwalira ndi mtima wokhazikika. Pa ulendo umenewu ndinaphunzira kuba, ndipo ndinasunga lamulo lake: ndinawabera amayi mwana wamoyo, n'kuwasiyira tulo. Kaderno lachisanu lidakali m'sutikesi mwanga. Nthawi zina ndimalitulutsa n'kuliika pawindo pamodzi ndi kachewere wophika, ndipo m'mawa ndimawerenga masamba kuona ngati awonjezeka.